Matayala Atatu Pamwamba pa Manda: Zomwe Ndaona mu Berezina ya Sylvain Tesson

Chaka chilichonse, chakumapeto kwa Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, kuzizira kutafika pachimake ku Germany, anthu masauzande amakwera njinga zamoto n'kulunjika kunkhalango ya ku Bavaria, pafupi ndi mudzi wa Thurmansbang. Akafika amakhoma matenti pa chipale chofewa, kuyala udzu wouma, kusonkha moto, n'kugona pomwepo. Mkumanowu amautcha Elefantentreffen, kutanthauza msonkhano wa njovu. Amene anauyambitsa mu 1956 ndi mtolankhani Ernst Leverkus, ndipo dzinalo linachokera pa njinga ya Zündapp KS 601 yomwe anthu ankaitcha Njovu Yobiriwira. Njinga imeneyi kawirikawiri inkakhala ndi sidecar, kangolo ka tayala limodzi komangirira m'mbali, moti yonse imayenda pa matayala atatu. Pamsewu woterera ndi ayezi, tayala lachitatulo ndi limene limakusunga.

Ndiye funso n'lakuti, munthu wokhuta, wa nyumba yofunda bwino, amadzukiranji n'kupita dala kukazunzika? Buku limene ndaona kuti layankha funsoli mosabisa, komanso limene landiwawa mtima kwambiri, ndi Berezina la Sylvain Tesson, mlembi wa ku France. Ulendo wa m'bukuli sukupita ku Bavaria ayi, koma anthu ake ndi amtundu womwewo: amuna, chisanu, mowa, ndi matayala atatu. Linatuluka m'Chifalansa mu 2015, ndipo ine ndawerenga lomwe Katherine Gregor anamasulira m'Chingerezi mu 2019. Ndi kabuku kochepa, mutha kukamaliza Loweruka ndi Lamlungu limodzi.

Nkhani yake ili chonchi. Kumayambiriro kwa Disembala 2012, patatha zaka 200 chithawire asilikali a Napoleon ku Russia, Tesson ananyamuka ku Moscow pa njinga ya Ural kutsatira njira yomwe asilikaliwo anadzera. Anali ndi anzake awiri a ku France, mlembi Cédric Gras ndi wojambula zithunzi Thomas Goisque, komanso anzawo awiri a ku Russia. Anadzera ku Borodino, Smolensk, mtsinje wa Berezina ku Belarus, Vilnius, Poland ndi Germany, mpaka kukafika ku Les Invalides mumzinda wa Paris, komwe kuli manda a Napoleon. Masiku 13, makilomita pafupifupi 4,000. Mitu ya bukuli ikutsata masikuwo, ndipo tsiku lililonse mlembi akukutengerani uku ndi uku: pano muli pamsewu wa mu 2012 mathiraki akukuwazani matope, pano muli mu 1812 pakati pa anthu amene akudya nyama ya mahatchi awo.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa zilipo ndithu.

Choyamba ndi njingayo. Ural ndi chitsulo cha nkhondo. Anthu a ku Soviet Union anayamba kuipanga mu 1941 potengera njinga ya ku Germany ya BMW R71, ndipo fakitale yake inakhazikika ku Irbit, kuseri kwa mapiri a Ural. Siithamanga kwambiri, imawonongeka pafupipafupi, koma munthu wodziwa sipanala amaidzutsa pambali pa msewu pomwepo. Kuyendetsa kwake n'kosiyana ndi njinga za kabaza zomwe tinazolowera. Siipendekeka pokhota. Ngati kangolo kali kumanja, ukawonjezera moto imakokera kumanja, ukamanga mabuleki imakankhira kumanzere, ukakhotera kumanja mwaliwiro tayala la kangolo limanyamuka m'mwamba. Ulendo wonse umakhala ukulimbana nayo. Tesson akalemba za chitsulo chimenechi, za kuzizira kolowa m'mafupa, za mathiraki odutsa pafupi ngati akufuna kukumeza, amalemba mwanthabwala komanso modziwa. Apa palibe chinyengo. Munthuyu zoopsa amazilowadi ndi thupi lake: mu Ogasiti 2014, bukuli lisanatuluke, anagwa akukwera khoma la nyumba ku Chamonix n'kukomoka kwa masiku angapo, nkhope yake inapuwala mbali imodzi.

Chachiwiri ndi anthu amene anawasankha kuti amuuze za 1812. Anatenga mabuku a mboni ziwiri zosiyana kwambiri. Wina ndi Armand de Caulaincourt, bwana wamkulu amene ankayenda pambali pa Napoleon. Wina ndi Sajeni Bourgogne, msilikali woyenda pansi amene anaona anzake akuuma ndi chisanu m'mbali mwa msewu. Mawu a wapamwamba ndi mawu a wapansi akamasinthana chonchi, owerenga umadzionera wekha kuti nkhondo imodzi imakhala ziwiri, kutengera pamene waima.

Chachitatu ndi mtsinje womwewo. Kuyambira pa 26 mpaka pa 29 Novembala 1812, asilikali otsala anayenera kuwoloka Berezina pa mudzi wa Studienka, asilikali a Russia akuwapanikiza. Mkulu wa asilikali Jean-Baptiste Eblé ndi anyamata ake analowa m'madzi oyandama ayezi, mpaka m'mapewa, n'kumanga milatho iwiri ya matabwa. Ambiri mwa omangawo anafa ndi kuzizira komweko, ndipo Eblé mwini anamwalira chakacho chisanathe. M'mawa wa pa 29 milatho ija anaitentha kuti adani asawoloke, anthu masauzande, kuphatikizapo amayi ndi ana amene ankatsatira gululo, atatsala tsidya lina. Mpaka lero Mfalansa akati zinthu zafika pa Berezina, ndiye kuti zavuta kotheratu. Tesson akafika pamenepa amachepetsa phokoso, ndipo masamba amenewa ndi abwino kuposa onse. Amakumbukiranso mahatchi, omwe sanasankhe kupita kunkhondo, ndipo ndinamulemekeza pa chimenecho.

Tsono apa ndi pamene ine ndi bukuli tikusiyana njira.

Maziko a ulendowu ndi ganizo lakuti ukazunzika pang'ono pamalo pamene ena anazunzikira kwambiri, ndiye kuti wawalemekeza. Koma kodi kuzizira kwa Tesson ndi kwa Bourgogne n'kumodzi? Tesson ali ndi zovala zamakono, madzulo akafika pogona pofunda, pali chakudya, pali vodka, ndipo atati watopa akhoza kukwera sitima n'kubwerera kwawo. Bourgogne analibe khomo lotulukira. Kuzunzika kosankha wekha ndi masewera, ngakhale atakhala masewera oopsa. Anthu a ku Elefantentreffen amadziwa zimenezi, iwo amangoti tapita kukasangalala ndi anzathu, basi. Sanena kuti akulira maliro a wina aliyense. Tesson akufuna zonse ziwiri, chisangalalo ndi maliro. Nayenso amaziona ndipo nthawi zina amadziseka yekha, koma kudziseka sikuchotsa vutolo. Wanyamula chipewa cha nsonga ziwiri chonga cha Napoleon, wamangirira mbendera ya asilikali a mfumuyo panjinga, ndiye akudutsa pamwamba pa mafupa a anthu. Tangoganizani mlendo wofika pamanda a kwanu atavala ngati munthu amene anachititsa malirowo, n'kumati ndabwera kudzapepesa. Mungamulandire?

Vuto lachiwiri ndi kulakalaka zakale. M'buku lonse muli kadandaulo kakuti anthu a lero afooka, angokhalira kugula zinthu ndi kuopa imfa, alibenso chinthu chimene angafere. Funsolo si lopusa, ndipo ambirife timadzifunsa tikakhala tikungoseweretsa foni usiku wonse. Koma yankho lake likudumpha mfundo yaikulu: ambiri mwa amene anafa mu 1812 sanasankhe kufa. Gulu la Napoleon linali ndi anyamata ambiri olembedwa usilikali mokakamiza, ndipo munali anthu a mitundu yambiri, a ku Poland, Germany, Italy, Netherlands ndi kwina. Kumbali ya Russia, msilikali wamba ankatengedwa pakati pa alimi omwe anali ngati katundu wa eni minda, ndipo usilikali wake unali wa zaka 25. Ukapolo wa alimi umenewu unadzathetsedwa mu 1861, patapita zaka pafupifupi 50 nkhondoyo itatha. Ndiye tikamati anthu akale anali olimba mtima, tizinenanso kuti ambiri analibe pothawira. Wosauka akafa ndi njala sitimati anali wodziletsa pa chakudya.

Vuto lachitatu ndi Napoleon mwini. Tesson sabisa kuti munthuyu amamukopa. Pa 5 Disembala 1812, ku Smorgoni, Napoleon anasiya asilikali ake n'kuthamangira ku Paris limodzi ndi Caulaincourt, mbali yaikulu pa ngolo yotsetsereka pa chipale, ndipo anafika pa 18 Disembala. Kuchokera pamenepo ulendo wa Tesson nawo ukusiya asilikali aja n'kutsatira mfumu. Taonani bwino zimenezi, abale. Buku loti likulemekeza ovutika likuthera pamanda a amene anawasiya m'chisanu. Ndipo ife owerenga a ku Africa tili ndi chifukwa china chokhalira tcheru. Dziko la France linathetsa ukapolo mu 1794, koma Napoleon anaubwezeretsa mu 1802. Toussaint Louverture, mtsogoleri wa anthu akuda amene anadzimasula ku Saint-Domingue, komwe lero ndi Haiti, anafera m'ndende yozizira ya Fort de Joux mu 1803, atamangidwa pa lamulo la Napoleon yemweyu. Naye anafa ndi chisanu cha ku Ulaya. Sindikunena kuti buku la ulendo wa ku Russia liyenera kunena chilichonse chimene munthuyu anachita. Ndikunena kuti ukapempha owerenga kuti agome naye, owerenga ena ali ndi ufulu wofunsa kuti tigome naye chifukwa cha chiyani.

Pali anthu awiri amene anaiona nkhondo yomweyi ndi diso lina, onse cha m'ma 1869. Leo Tolstoy, m'buku la War and Peace, amatsutsa ganizo lakuti mbiri imayendetsedwa ndi munthu mmodzi wamkulu, ndipo Napoleon wake ndi munthu wodzimva amene akuganiza kuti akuwongolera zinthu zomwe zikumukoka. Winayo ndi injiniya wa ku France, Charles Joseph Minard, amene anangojambula mapu. Mzere wonenepa ukulowa mu Russia ndi anthu 422,000. Pofika ku Moscow watsala ndi 100,000. Pobwerera ukuwonda, ukuwonda, mpaka kutuluka ngati ulusi, anthu 10,000. Pansi pake analemba mmene kunkazizirira. Mulibe nthabwala, mulibe chipewa, mulibe vodka. Mapu amenewa mutha kuwapeza pa intaneti, ndipo ndikukupemphani muwayang'ane musanatsegule buku la Tesson. Kwa ine, tsamba limodzi limenelo likulira maliro kuposa buku lonse.

Ndikawerenga za anthu osatchulidwa maina amene anatsala tsidya la mtsinje, ndimakumbukira atengatenga a kuno kwathu pa Nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918. Amuna ochuluka a ku Nyasaland anagwidwa kuti azisenza katundu wa asilikali a Britain, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Wina atati lero ayende njira zawo panjinga yamoto atavala chipewa cha bwanamkubwa, n'kulemba buku lokoma la momwe anasangalalira, tingamve bwanji? Funso limenelo ndi lomwe ndayezera Berezina.

Palinso china chimene nthawi yawonjezera pa bukuli. Cédric Gras, mnzake uja, pa nthawi ya ulendowu ankatsogolera Alliance Française mumzinda wa Donetsk ku Ukraine. Patangotha miyezi 16 chifikire ku Paris, mu Epulo 2014, nkhondo inabuka ku Donetsk komweko, ndipo mu Febuluwale 2022 dziko la Russia linalowa mu Ukraine ndi mphamvu zake zonse, asilikali ena akudzera ku Belarus. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene ankadandaula kuti m'badwo uno sudziwa kufera dziko anayankhidwa, ndipo yankholo ndi maenje, matope ndi anyamata obwerera kwawo m'mabokosi. Ngakhale njinga za Ural zinasamuka, mu 2022 anayamba kuzimangira ku Kazakhstan. Owerenga wa lero sangathenso kumva kukoma kwa mbendera ndi ng'oma za nkhondo monga ankamvera wa mu 2015.

Ndiye muliwerenge kapena ayi? Liwerengeni. Tesson amadziwa kulemba, amaseketsa, ndipo mudzatuluka mukudziwa za 1812 kuposa zomwe munaphunzira kusukulu. Kwa inu amene mukufuna kulemba za maulendo anu, kaya ndi wa pa basi kupita ku Johannesburg kapena wa pa Ilala kupita ku Likoma, muphunziramo luso limodzi lofunika, loti msewu uli ndi anthu amene anaudutsa iwe usanabadwe, ndipo nkhani yako imalemera ukawapatsa malo. Koma muphunzirenso pa pomwe iye anaterereka. Akufa sangakane kukwera nawe. Ukawaika m'kangolo ka m'mbali, iwe uli pa chiwongolero, ndiwe amene ukusankha kokhotera, ndiponso manda amene ukaimepo pomaliza. Tesson anasankha a mfumu. Ine ndikanakonda akanazimitsa injini pa Studienka, pomwe panali milatho ya Eblé, n'kulitsekera pomwepo bukulo.