Chikwangwani Chiyankhula ndi Yani? Chiyankhulo cha Zionetsero ku Zambia

Chikwangwani cha pa chionetsero ndi lemba lalifupi zedi, komabe chili ndi mlembi, womvera ndi cholinga monga ndakatulo kapena sewero. M'nkhani ino tikuunika chiyankhulo chimene anthu a ku Zambia amasankha polemba madandaulo otsutsa tsankho la mtundu ndi nkhanza za apolisi. Funso lathu ndi ili: kodi mayi wa m'dera la Mfumu Pembamoyo, kum'mawa kwa Chadiza, amene amalira ndi kupemphera m'Chinyanja, malo ake ali pati m'malemba amenewa?

Tiyambe ndi mbiri. M'zaka za m'ma 1950, m'mabutchala ndi m'masitolo ambiri a ku Lusaka ndi ku migodi, munthu wakuda ankagulira pa kawindo ka m'mbali pomwe Mzungu ankalowera pakhomo. Chipani cha African National Congress, motsogozedwa ndi Harry Nkumbula, chinalimbikitsa anthu kunyanyala masitolowo. Chida chachikulu cha omenyera ufulu chinali pakamwa. Mfuu yakuti "Kwacha!" ndi yankho lake lakuti "Ngwee!" inamveka kwa ophunzira ndi osaphunzira omwe, kotero kuti mu 1968 mawu awiriwa anasanduka maina a ndalama za dziko.

Achewa analinso ndi njira yawo yodzudzulira amphamvu. M'Gule Wamkulu muli Simoni, chigoba chofiira chonyogodola Mzungu wopsa ndi dzuwa. Pa matanthwe a m'chigawo cha Kum'mawa, monga ku Kalemba m'boma la Chadiza, pali zojambula zakale, ndipo zoyera za m'chigawochi akatswiri amazigwirizanitsa ndi nyau ndiponso chinamwali. Sitikunena kuti zimenezi zinali zikwangwani, koma zikutsimikiza kuti kuyankhula ndi chithunzi si mwambo wobwera. Kusiyana kwake nkwakuti chigoba chimabisa wodzudzula, pamene wonyamula chikwangwani amaonetsa nkhope yake kwa wapolisi.

Tikafika m'zaka zaposachedwa, chiyankhulo chikusintha. Mu Okutobala 2018, Vespers Shimuzhila, wophunzira pa University of Zambia, anamwalira apolisi ataponya utsi wokhetsa misozi m'nyumba zogona ophunzira. Pa 23 Disembala 2020, Nsama Nsama ndi Joseph Kaunda anawomberedwa mu Lusaka pomwe apolisi ankabalalitsa khamu la anthu. M'chaka chomwecho, mu Juni, achinyamata amene analetsedwa kuyenda m'misewu anakachitira chionetsero chawo kutchire, nachiulutsa pa Facebook. Mawu olembedwa opempha chilungamo amene anafala pa nthawi zimenezi anali ambiri a Chingelezi, monganso anali mawu ozungulira nkhope ya George Floyd imene inajambulidwa pa makoma a ku Minneapolis ataphedwa ndi wapolisi pa 25 Meyi 2020.

Zifukwa zake nzomveka, ndipo sitiyenera kuzipeputsa. Chingelezi ndicho chiyankhulo cha boma ndi makhoti akuluakulu. Chikwangwani cha masiku ano chimalembedwera kamera, kuti chithunzi chiwoloke malire. Komanso m'dziko la ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zovomerezeka m'zigawo, wolemba m'chimodzi amaopa kunenedwa kuti akukokera ku mtundu wake. Ngakhale ana a sukulu a ku Soweto, pa 16 Juni 1976, anakana Chiafrikaans ndi zikwangwani zambiri za Chingelezi, pomwe kwawo ankayankhula Chizulu, Chisotho ndi zina.

Komabe pali chotayika. Ena amati Chinyanja chimatalikitsa mawu, choncho sichingakwane pa katoni. Zitsanzo zathu zotsatirazi zikutsutsa ganizo limeneli. Chiganizo chakuti "Wophunzira anaphedwa" chili mu msintho wochitidwa, ndipo chimabisa wakupha monga zimachitira zikalata za maofesi. Koma tikati "Mwatiphera mwana", mawu awiri okha anyamula zinthu zinayi: wolakwa mu mwa-, olira mu -ti-, mchitidwewo mu tsinde -ph-, ndi kupwetekedwa kwa otsala mu msintho wochitira -er-. Tikawonjezera -nji, liwu limodzi lakuti "Mwatipheranji?" likhala mlandu wathunthu. Tionenso kuti mwa- ndi wa ulemu komanso wochulukitsa: amaloza mkulu mmodzi popanda kumutukwana, ndipo nthawi yomweyo amaloza gulu lonse la apolisi. Liwu la Chingelezi lolozera womvera silisiyanitsa zimenezi.

Kumasulira mawu a kunja nakonso kuli ndi mbuna zake. Tsinde -da limapezeka mu "wakuda" wa khungu, mu "chovala chakuda" chosachapa, ndiponso mu "kudana". Womasulira mfuu ya Black Lives Matter liwu ndi liwu angathe kudzutsa matanthauzo amene sanawaitane. Kuwonjezera apo, ku Zambia wowombera ndi wowomberedwa amakhala a khungu limodzi, choncho nkhani yagona pa mphamvu ndi umphawi. Mwambi wakuti "Mwana wa mnzako ngwako yemwe" ungamufike wapolisi pamtima kuposa mawu obwereka.

Apa ndi pamene pagona mfundo yathu yaikulu. Kuyambira m'nthawi ya atsamunda, Chinyanja chakhala chiyankhulo chofala pakati pa apolisi ndi asilikali a dziko lino. Motero chikwangwani cha Chingelezi chimadumpha anthu awiri amene nkhaniyi ikuwakhudza kwambiri: wapolisi wamba wogwira mfuti patsogolo pa khamu, ndi mayi wa ku Pembamoyo amene mwana wake angakhale wophunzira kapena wapolisi yemweyo.

Pomaliza, tikupempha aphunzitsi a ziyankhulo kuti azisonkhanitsa mawu a pa zikwangwani ndi pa makoma, pamodzi ndi malo ndi tsiku, ndi kuwaunika m'kalasi monga amachitira ndi miyambi. Katoni imanyowa ndi mvula, ndipo khoma limapakidwa laimu. Tikapanda kulemba ife, ofufuza am'tsogolo adzaganiza kuti anthu athu analira m'Chingelezi chokha.