Nkhalamba ndi Mnyamata pa Chimbale Chimodzi

Ambiri a ife tinazolowera kuweruza nyimbo potsata mau ake: ngati ikulangiza, ikudandaula kapena ikutamanda. Ikakhala ya zoimbira zokhazokha timaiyesa yongoperekezera ntchito kapena yodikirira nkhani pa wailesi. Chimbale chotchedwa Promises, chimene chinatuluka m'chaka cha 2021, chikutsutsa maganizo otere, ndipo n'chifukwa chake tati tichisinkhesinkhe pamodzi ndi inu awerengi athu mwezi uno.

Eni chimbalechi ndi anthu amene munthu sakanaganiza kuti angakhale pa mphasa imodzi. Woyamba ndi Sam Shepherd wa ku Manchester m'dziko la England, amene amadziwika ndi dzina loti Floating Points. Ali mwana ankaimba m'kwaya ya Manchester Cathedral, atakula anaphunzira za ubongo wa munthu ku London, koma anatchuka ndi nyimbo zopangidwa ndi makina amagetsi. Wachiwiri ndi Pharoah Sanders, katswiri woliza saxophone, amene anabadwa m'chaka cha 1940 ku Little Rock m'dziko la America. Iyeyu anaimba jazz m'gulu la John Coltrane kuyambira 1965 kufikira imfa ya Coltrane mu 1967, ndipo ankadziwika ndi kulira kwa lipenga lake, kumene kunali kwaukali ngati mfuu ya munthu wosweka mtima. Awiriwa anasiyana ndi zaka zoposa 40. Sanders anamva chimbale cha Shepherd cha 2015 chotchedwa Elaenia, nachikonda, ndipo ubwenzi wao unayambira pamenepo. Anajambula mbali yao ku Los Angeles mu 2019, ndipo gulu lalikulu la London Symphony Orchestra linaonjezera mbali yake ku London mu 2020.

Nyimboyi ndi imodzi yokha, ya mphindi 46, yogawidwa m'zigawo 9 zimene zimalowana popanda kupumira. Maziko ake ndi timau 7 toimbidwa pa piyano ndi pa zoimbira zina zofanana nayo. Timauti timamveka, timazilala, kenaka timabweranso, ndipo timatero pafupifupi mpaka kumapeto. Wosaleza mtima anganene kuti mnyamatayo anasowa chopeka. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikamvetsera bwino timazindikira kuti timau tija ndi bwalo losesedwa bwino, limene mnyamata wakonzera nkhalamba kuti iyankhulepo. Sanders amalowa mwakachetechete, ndipo mpweya wake umamveka lipenga lisanalire. M'chigawo chachinai amaika lipenga pambali nayamba kung'ung'udza ndi pakamwa, monga achitira gogo posinjirira mdzukulu. M'chigawo cha 6 nsambo za gulu la ku London zimadzuka pang'onopang'ono mpaka kudzaza nyumba yonse, ndipo m'chigawo cha 7 makina amagetsi amatenga malo, nkhalamba nayo n'kutulutsa kamodzi mfuu ija ya pa unyamata wake.

Ubwino wa ntchito imeneyi, monga tikuonera ife, uli pa kupatsana mpata. Kawirikawiri oimba akasakaniza jazz, nyimbo zachikale za ku Ulaya ndi makina amagetsi, zotsatira zake zimakhala ngati madzi ndi mafuta m'mbale imodzi, pakuti aliyense amafuna kuonetsa luso lake. Pano zinthu sizinatero. Shepherd, ngakhale ndiye anapeka nyimbo yonse, anadzichepetsa kufikira pobwereza timau tomwetomweto kuti mnzake amveke. Sanders, amene akanatha kugwedeza denga, anasankha kunong'ona. Makina amagetsi, amene ambiri timawayesa ouma ndi opanda mtima, pano akumveka ofunda chifukwa woagwiritsa ntchito anayamba wamvetsera.

Komabe sitingabise zofooka zake. Moyo wa jazz uli pa kuyankhana kwa oimba ali pamodzi, wina kuponya, wina kulandira. Popeza gulu la nsambo linajambula palokha, chaka china ndi m'dziko lina, silikuyankhana kwenikweni ndi Sanders. Pamene nsambo zikufika pachimake nkhalamba ili chete, ndipo womvera amatsala ndi njala yomva awiriwa atakumana maso ndi maso. Ndiponso zigawo ziwiri zotsiriza, zimene lipenga silimvekanso, zikuoneka kwa ife ngati alendo otsalira mwini nyumba atapita kukagona. N'zokoma ndithu, koma zofunika zinali zitanenedwa kale.

Pharoah Sanders anamwalira pa 24 September 2022 ali ndi zaka 81, ndipo Promises ndicho chinali chimbale chake chatsopano chomaliza kutuluka iye ali moyo. Mu 2023 nyimboyi inaimbidwa pamaso pa anthu ku Hollywood Bowl, Shabaka Hutchings wa ku Britain ataima m'malo mwake. Paja akuti mau a akulu akoma akagonera. Lero timamva m'chimbalechi zimene mwina sitikanazimva mu 2021: munthu wokalamba amene mpweya wake wachepa, koma akudziwa liu loyenera kuliza ndi loyenera kusiya.

Kwa mabanja amene angafune kuchimvera, chimbalechi chimapezeka pa intaneti. Langizo lathu n'lakuti musachiike mukuphika kapena mukucheza, pakuti chidzangomveka ngati kudontha kwa madzi. Sankhani madzulo abata, muitane achinyamata ndi achikulire omwe, ndipo mulole mphindi 46 zithe popanda wodumpha chigawo. Pambuyo pake mufunsane zimene aliyense wamva. Mayankho a gogo ndi a mdzukulu adzasiyana, ndipo kukambirana kwao n'kumene kudzatsirize nyimboyo.