Darwin ndi Mcira wa Pikoko

M'buku lace la The Descent of Man, la mu 1871, Charles Darwin anati kukonda zokongola sikunayambe ndi munthu. Pikoko wamkazi amasankha mwamuna wa mcira wowala koposa, ndipo ana aamuna amatengera atate ao. Motero, m'mibadwo yambiri, diso la mkazi ndilo linaumba nthenga zija.

Mfundo iyi iri ndi mphamvu, pakuti ionetsa kuti diso limakopeka lisanaphunzitsidwe. Koma Darwin anapitirira, nayesa kuti nyimbo za anthu nazonso zinayamba pokopana amuna ndi akazi. Apa mpamene mfundoyo iperewera. Nyimbo ya maliro siimbidwa pofuna mbeta. Iliritsa oimva, komabe iwo amati yakoma. Kukoma kotere, kobadwa m'cisoni, mcira wa pikoko sungakulongosole.