Ilire Ng'oma kwa Kapichi

Gunde! Gunde! Gundende! Iwambeni pamoto ng'omayo, anyamata, chikopa chikungike, phula likhale pakati. Ilire pa Khonjeni, imveke ku Luchenza, ikagunde phiri la Thyolo ndi kubwerera kuno kwa Kapichi. Lero tikuitana dziko ndi mayina ake, ndipo wotchulidwa avomere.

Wawa Thyolo! Inu Chobiriwira-chosadziwa-chilimwe. Inu Mphasa-yoyalidwa-pamapiri, yosowa woipinda. Inu Katondo-wopaka-mapazi, kuti mlendo akafika kwawo asabise kumene anali. Mwini chiperoni ndinu, kamvula kochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kowaza mu Juni ndi Julaye pamene kwina fumbi lili koboo, kamvula kopanda bingu kolowa mpaka m'mafupa. Ena amadikira dzinja kuti aone msipu. Inu msipu mumagona nawo, mumadzuka nawo.

Wochokera ku Limbe, tsikani ndi msewu wa M2, koma musathamange. Wawa Bvumbwe, Mdyetsa-Blantyre, Msika-wolawira-tambala! Tomato milumilu, kabichi wonga mutu wa ng'ombe, karoti, mapeyala, mkaka wa ng'ombe za m'khola wobwera pa njinga m'zigubu. Amayi a pamsewu adzakuthamangirani ndi mabeseni pamutu: "Tiyeni nazo, achimwene, banyira ndikuikirani!" Gulani, ndipo musanenerere mpaka kuwaliza; anadzuka inu muli m'tulo. Chapafupi pomwepo pali Chimwenya, Khola-la-kadyamsonga, kumene kuli Game Haven Lodge. Kumeneko mwana wa pasukulu amaona ndi maso ake mbidzi ndi nchefu zimene ankangoziona m'buku, osafika ku Liwonde kapena ku Majete, ndipo amabwerera kwawo dzuwa lisanalowe.

Gunde! Imani apa, vulani chipewa. Wawa Mwalawanthunzi, Gogo-wa-m'mbali-mwa-msewu! Inu Wokana-kusamuka. Inu Wogogodedwa-ndi-apaulendo. Makolo podutsa ankatola kamwala, kukugogodani, kupempha kuti njira iyere, afike kumene akupita opanda chowapinga. Akuluakulu amasimba kuti okonza msewu anakukankhirani kutali, m'mawa mwake nakupezani mwabwerera pamalo panu, phee. Kukula kwanu si kwa phiri, ndipo wothamanga amakudutsani osakuonani. Koma wodziwa amaima, nauza ana ake kuti msewu uwu unali ndi mwini phula lisanathiridwe.

Tsopano ng'oma itsike pang'ono, titchule eni ake a kukongolaku.

Wawa inu Othyola-tiyi! Inu Olawira-mame-asanaume. Inu Zala-zothamanga-kuposa-maso. Inu Dengu-kumsana, chipepala m'chiuno, mvula pamutu. Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumbuyo osacheuka, kuyambira mbandakucha kufikira sikelo itanena zake ndipo kapitawo walemba. Mlendo akaimitsa galimoto kuti ajambule, amaona kubiriwira kosalala kuchokera kuchigwa kukafika kumtunda, naganiza kuti tiyi amamera choncho. Ayi ndithu. Tiyi ndi mtengo. Mukamuleka amapitirira denga la nyumba. Chomuletsa kupyola m'chiuno mwa munthu ndi mpeni wa wothena m'nyengo yozizira, ndi zala za wothyola wobwerera pa chitsamba chomwecho pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri. Kuyambira Disembala kufika Epulo, mvula ikamakhuthuka, nsonga zimaphuka usiku umodzi, ndipo munda sudikira wodwala msana. Kusalala kumene mukujambulako ndi ntchito ya manja a amayi a kwa Kapichi, a kwa Nchilamwela, a kwa Changata, a kwa Khwethemule. Ine ndikuti, mlendo, musanatulutse foni perekani moni. Funsani kuti adzuka bwanji. Akalola, ndiye jambulani.

Wawanso inu a m'fakitale, Osagona-makina-akulira! Tsamba likafika mumaliyala kuti lifote, mumalidula ndi kulipera, mumalisiya lisanduke lofiirira, mumaliumitsa ndi moto wa nkhuni za bulugamu, mumalisefa, mumalilonga m'matumba opita kumsika wa tiyi ku Limbe. Kuchoka apo likawoloka malire ndi nyanja zamchere, likamwedwa ku London ndi ku Johannesburg ndi anthu osadziwa kuti Thyolo ali mbali iti.

Tchulani minda, woimba, mmodzimmodzi! Bandanga, Chisamba-cha-minda, kumene tiyi analowera m'boma lino mu 1908, atayamba kale kukhazikika ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890. Conforzi, wosunga dzina la Mtaliyana Ignaco Conforzi. Nchima, Woyang'ana-pa-boma. Makandi. Naming'omba, kumene makademiya amaima mizeremizere pambali pa tiyi. Makwasa. Mianga. Kasembereka. Mayina okoma pakamwa, olemera pamsana.

Pakuti ng'oma yotamanda siibisa maliro. Alomwe anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa msonkho ndi nkhanza za Apwitikizi. Anapeza Amang'anja eni nthaka, napezanso nthakayo italembedwa kale m'mabuku a makampani onga British Central Africa Company. Wofuna pomanga nyumba ankalipira ndi thukuta: thangata. Mwezi wa mvula, munda wako ukulira khasu, iwe uli m'munda wa mwini malo. Wawa Mangunda, Lalanje-loyatsa-moto! Mu Ogasiti 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakakamizidwa pa anthu, mkangano wa malalanje pa esiteti imeneyi pafupi ndi Luchenza unadzutsa mkwiyo wa zaka zambiri. Mitengo inagwetsedwa m'misewu, mawaya a lamya anadulidwa, mfuti zinalira, anthu anagona pansi osadzukanso. Thangata anathetsedwa mu 1962. Koma njala ya malo ikadalipo: taonani timinda ta chimanga ndi nandolo topanikizana m'mphepete mwa minda ikuluikulu, mpaka pa matsitso pamene mbuzi yomwe imaponda mosamala. Wodzacheza kuno adziwe zimenezi, kuti kukongola akuone konse.

Gunde! Gundende! Ikwerenso ng'oma!

Wawa Satemwa, Wotsegulira-alendo-chitseko! Munda wa Maclean Kay, Msikochi amene anayamba walima mphira ku Malaya, nadzakhazikika pansi pa phiri mu 1923. Munda umene banja lake likuusungabe. Inu mwini Huntingdon House, nyumba ya 1928 ya makonde aatali ndi kapinga wometedwa, kumene mlendo amagona m'zipinda zimene munakulira ana a pabanjapo. Inu mwini Chawani, nyumba yobisala m'mitengo. Kwa inu munthu amakhala pa thebulo la makapu oyera ondandalikidwa, napatsidwa supuni, naphunzitsidwa kupsontha mwaphokoso kuti lilime lonse limve: uyu wakuda, uyu wobiriwira, uyu woyera wa nsonga zokhazokha, uyu oolong, onse ochokera mu chitsamba cha mtundu umodzi, kusiyana kwake kapangidwe basi. Khofi naye ali pomwepo. Ndimalakalaka aphunzitsi a m'masukulu a kwa Kapichi atamasonkhetsa pang'onopang'ono ya minibasi ndi kupita ndi ana ku malo otere. Mwana wobadwira m'chithando, amene amayi ake athyola tiyi moyo wawo wonse, alawe ndi lilime lake chimene manja a amayi ake amapanga. Ulendo wokacheza si wa azungu ndi mabwana a m'tauni okha.

Kwerani tsono, mwendo uwawe. Wawa Phiri la Thyolo, Msanja-wa-maso-awiri! Diso lina kumadzulo: Chigwa cha Shire chili tayale pansi, minda ya nzimbe ili biriwiri, mtsinje ukunyezimira kulowera ku Dambo la Njovu. Diso lina kummawa: Mulanje atavala mitambo m'chiuno, Sapitwa ali nji, mamita 3,002. Koma inu Phiri, Gogo-wometedwa-wamoyo, nkhalango yanu ili kuti? Mitengo imene inkakoka mitambo inagwa ndi nkhwangwa m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, anthu osowa polima atakwera ndi makasu. Sindiwatukwana; mimba ya mwana siimva za nkhalango. Koma akasupe anaphwa, ndipo dothi limatsika ndi mvula kukadetsa Nsuwadzi. Yatsala nkhalango pang'ono, mbali ya Satemwa, ndipo mmenemo mukubisala kambalame kamene akatswiri anakatcha dzina lanu, Thyolo alethe, Kofiirira-msana-koyera-pakhosi, Kotsata-linthumbu, kodya tizilombo tothawa gulu la nyerere. Anthu amakwera ndege kuchokera ku Ulaya kudzakaona kokha. Pa dziko lonse lapansi kamapezeka m'mapiri owerengeka: kuno, ku Mulanje, ndi kutsidya ku Mozambique monga ku Namuli, phiri lomwe Alomwe amati ndiko kunachokera makolo. Kambalame ndi anthu, kwawo n'kumodzi. Dzalani mitengo, ana a Thyolo, mbale wanuyu asasowe pogona.

Wawa Malamulo, Belu-la-Loweruka, Mzinda-wa-pa-Makwasa! Mpingo wa Seventh-day Adventist unatenga malowa mu 1902 kudzera mwa Joseph Booth, ndipo woyamba kuwayang'anira anali Thomas Branch, munthu wakuda wochokera ku America, pamodzi ndi banja lake. Inu Wolandira-akhate pamene midzi inkawathawa. Inu Msula-anamwino, amene ana anu ali m'zipatala kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Fikani Loweruka m'mawa, mumve mpingo wonse ukuimba m'mawu anayi; mudzaiwala kuti munabwera kudzangoona.

Khotani kulowera kwa Goliati. Wawa Ndata, Munda-wobala-sukulu! Pamenepo pali Mpumulo wa Bata, manda oyera mbee a Bingu wa Mutharika, amene anaikidwa mu Epulo 2012 pambali pa mkazi wake Ethel. Pamenepo palinso MUST, sukulu ya ukachenjede ya sayansi ndi luso, yotsegulidwa mu 2014. Mwana wa wothyola tiyi akaime pachipata chimenecho, awerenge chikwangwani, abwerere kunyumba ndi njala ina.

Kodi nthochi ndaziiwala? Sindingathe. Wawa Thekerani, wawa Molere, Odzaza-malole! Kabuthu, sukari, makumbuka, mikoko yolemera yofuna amuna awiri. Matenda a chisaka anapsereza minda, mpaka Thyolo, mwini nthochi, anayamba kuona za ku Tanzania ndi ku Mozambique zikudutsa pakhomo pake. Alimi anazula ndi misozi, nadzala mbewu zatsopano. Mukaona phava la kuno pamsewu, gulani, muwalimbitse mtima.

Ndipo mukatopa, bwerani kuno kwa Kapichi mudzadye. Kalongonda, Wophikidwa-tsiku-lathunthu, Wosafuna-waphuma, amene madzi ake amatayidwa kangapo asanafike m'mbale. Makaka osakaniza ndi nandolo, Okhalitsa-m'mimba. Thobwa wa m'chipanda. Mukakhuta, bwalo litseguke. Wawa Tchopa, Gule-wa-mizimu, Wothokoza-zokolola, Wopempha-mvula! Ng'oma zitatu pakati, amuna ndi akazi kuzungulira modutsana, zikopa za nyama m'chiuno, nthenga kumutu, kumsana akatundu a makolo: khasu lakale, msampha, chipande, chidole. Fumbi koboo, nthungululu lululu! Bungwe la UNESCO linakulembani m'kaundula wa chuma cha anthu onse mu 2014, koma agogo athu anakulembani kale m'miyendo ya zidzukulu. Mwezi wa Okutobala, tsatirani khamu lopita kwa Chonde ku Mulanje, ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, mukaone magulu a Tchopa ochokera m'maboma onse akupikisana mpaka nthaka kunjenjemera.

Gunde! Gunde! Yatsala njanji, atsala madzi.

Wawa Khonjeni, Siteshoni-ya-kwathu! Njanji imene inalumikiza Chigwa cha Shire ndi Blantyre mu 1908 inadzera pakhomo panu, kutsika kuchokera ku Luchenza, kukhotakhota kulowera ku Sandama ndi ku Makhanga. Inanyamula tiyi ndi fodya, inanyamula anyamata opita ku Joni ndi ku Halale, inabweretsa mlamba wouma wa kuchigwa, inatsitsa nthochi ndi chinangwa. Madzi osefukira anaidula ku Chiromo mu 1997, naipwetekanso zaka zotsatira. Koma funsani gogo aliyense wa pa Khonjeni, akuuzani mmene msika unkadzukira sitima ikaliza wezulo.

Tsatirani njanjiyo kummwera mpaka khutu litamva mkokomo. Wawa Zoa, Mfuu-wa-Ruo! Inu Madzi-obadwira-pa-Mulanje, odumpha phompho la mamita pafupifupi 60. Inu Utsi-wopanda-moto. Inu Mlekanitsa-maiko: phazi lino Malawi, tsidya ilo Mozambique, chilankhulo chimodzi, maukwati amodzi. Inu Chipata-chotsekera-nsomba, pakuti za ku Zambezi zimakwera Shire, zimakwera Ruo, zikafika pa mapazi anu zimabwerera, ndipo za kumtunda zimakhala mtundu wawokha. Alendo ambiri amathera pa makonde a minda ya tiyi osafika kwa inu, chifukwa njira yanu njafumbi m'chilimwe, njamatope m'dzinja. Pitani mvula ikangoleka, cha mu Meyi kapena Juni, madzi akadali ambiri koma njira itauma. Nyamukani m'mamawa, kabaza akutuleni pamene njinga imalekeza, mukapereke moni kwa amfumu, mutenge mnyamata wa m'mudzimo akutsogolereni pa miyala yoterera, ndipo mumulipire bwino. Mukafika m'munsi mofuula, fuulani nanu dzina lake, mumve ngati mawu anu angapose ake: Zoa! Zoa! Zoa wa pa Ruo!