Chigoba pa Khoma Loyera: Sembène pa Pepala ndi pa Kanema

Nkhani zambiri zimene timaŵerengerana pamsonkhano uno zili ndi matenda amodzi: mlembi sakhulupirira woŵerenga. Mtsikana akavutika, mlembi amatiuza kuti wavutika. Akamwalira, amaimika nkhani nayamba kulalikira za kuipa kwa dziko. Pofuna mankhwala a matendaŵa nkoyenera kuona m'mene munthu mmodzi anafotokozera nkhani imodzi kaŵiri, koyamba ndi cholembera, kachiŵiri ndi kamera, ndi kufunsa chimene anasintha.

Munthuyo ndi Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene anabadwira ku Ziguinchor mu 1923 namwalira mu 2007. Asanatchuke ankanyamula katundu padoko la Marseille, ndipo luso la kanema anakaphunzira ku Moscow atalemba kale mabuku. Nkhani yake yaifupi yotchedwa La Noire de... inatuluka m'buku la Voltaïque mu 1962, kanema wa dzina lomwelo mu 1966. Msana wa nkhani ndi umodzi. Diouana, wantchito wa m'nyumba ku Dakar, akutengedwa ndi bwana ndi dona wake kupita ku Antibes, mtima uli m'mwamba poti akukaona France. Kumeneko akungoona khitchini ndi makoma, ndipo pomaliza akudzipha m'bafa.

Luso layambira pa mutu penipeni. Mutuwo ndi wosamaliza, ndipo kamawu kotsiriza, de, kamagwira ntchito ziŵiri monga wa wathu wa m'Chicheŵa: munthu atha kukhala wa ku Dakar, athanso kukhala wa dona uje, ngati mbuzi kapena mpando. Sembène wasiya madontho atatu kuti woŵerenga amalize yekha. Amene anamasulira mutuwu m'Chingerezi kuti Black Girl anataya funso limene nkhani yonse yaimapo.

Papepala chida chachikulu cha Sembène ndi kasanjidwe ka nthaŵi. Nkhani ikuyamba Diouana atafa kale, apolisi akufunsa mafunso m'nyumba ya ku Antibes, dona akudabwa kuti mtsikana wosamalidwa bwino chotere angadziphe bwanji. Ofufuza akukhutira ndi yankho lapafupi, lakuti anapukwa kwawo. Kenaka mpamene mlembi akutibweza ku Dakar kukaona chimwemwe cha mtsikanayo pokonzekera ulendo. Popeza mapeto tikuŵadziŵa kale, sitiŵerenga kuti timve chimene chichitike. Tiŵerenga kuti tiyese ngati yankho la apolisi lili loona. Chimwemwe chilichonse cha Diouana chikutibaya, chifukwa ife taona kale bafa lija pamene iye sanalione.

Pakanema Sembène anasiya njira imeneyi. Tiyamba ndi sitima ikufika padoko, Diouana ali wamoyo ndi wotchena, ndipo za ku Dakar zikubwera pang'onopang'ono monga zikumbukiro. M'malo mwa imfa yodziŵika kale anaikamo chinthu chimene m'nkhani yolembedwa mulibe: chigoba chosema. Tikatsata ulendo wa chigobachi tiona m'mene chinthu chimodzi chingasenzere tanthauzo popanda wochimasulira.

Poyamba chigoba ndi choseŵeretsa cha kamnyamata kumudzi kwawo kwa Diouana. Atapeza ntchito, Diouana akuchitenga nakachipereka kwa mabwana ake ngati mphatso. Apa chikuimira mtima wabwino wa munthu amene akuganiza kuti waloŵa m'chibale. Bwana akuchiyang'ana ndi diso la wogula, kufuna kudziŵa ngati chili chenicheni. Ku Antibes tikuchipeza chili chokhachokha pakhoma loyera, ndipo kamera ikusinthanitsa nkhope yake ndi ya Diouana mpaka tizindikire tokha kuti onse aŵiri apachikidwa kuti akongoletse nyumba ya eni. Zinthu zitafika poipa, Diouana akuchichotsa pakhoma, ndipo iye ndi dona akulimbirana, kuzungulira m'chipinda aliyense atagwira mbali yake. Mphatso ija yasanduka chuma cholandidwa chimene mwini akufuna chibwerere. Atamwalira mtsikanayo, bwana akutenga sutikesi, chigoba ndi ndalama kubwerera nazo ku Dakar. Mayi wa Diouana akukana ndalamazo. Kamnyamata kaja kakuvala chigoba nkumatsatira bwana m'mbuyo, iye akufulumira ndi kucheukacheuka. Woonera wa kuno, amene anakulira kumene kuli gule wamkulu, safuna womuuza kusiyana kwa chigoba chopachika pamsomali ndi chigoba chimene chikuyenda. Chinthu nchomwecho kuyambira poyamba. Chimene chasintha ndi dzanja lochigwira ndi malo amene chili.

Chida chachiŵiri cha kanemayu ndi kulekanitsa mawu ndi pakamwa. Pamaso pa mabwana Diouana sanena zambiri, koma ife tikumva maganizo ake akulankhulidwa pamwamba pa zithunzi. Motero woonera akudziŵa zimene dona sadziŵa, ndipo ulesi umene dona akudandaula nawo ife tikuuona kuti ndi kukana. Luso limeneli lafika pachimake pa nkhani ya kalata. Kwabwera kalata yochokera kwa mayi wake, koma Diouana sadziŵa kuŵerenga, ndipo mayiyo sanailembe ndi dzanja lake. Bwana akuiŵerenga mokweza, kenaka akutenga cholembera nayamba kuyankha m'dzina la Diouana kuti ali bwino. Mayi ndi mwana akulankhulana, koma palibe liwu limodzi limene lili laolao. Diouana akung'amba kalatayo. Mlembi wina akanadzaza masamba asanu kufotokoza za utsamunda ndi kulandidwa kwa chilankhulo; Sembène wangotionetsa amene wagwira cholembera.

Komabe kanemayu sali wopanda chilema. Maganizo a Diouana tikuŵamva m'Chifalansa chosalala, chilankhulo chimene mwini wake sachidziŵa bwino. Ndiponso thupi ndi la Mbissine Thérèse Diop, pamene mawu ndi a Toto Bissainthe wa ku Haiti. Ena amati izi zikungokometsa mutu wa nkhani, poti ngakhale m'mutu mwake mtsikanayo akulankhuliridwa ndi wina. Kuteteza kotere nkwanzeru, koma sikundikhutiritsa: kanema wodzudzula bwana polemba kalata ya Diouana wachita zofanana ndi bwanayo. Nkosadabwitsa kuti mu 1968 Sembène anajambula Mandabi m'Chiwolofu. Chilema china nchakuti nthaŵi zina mawuŵa amabwereza zimene maso aona kale. Tikaona mtsikana wovala nsapato zazitali akukolopa, dona nkumumanga epuloni, sitifunanso kuuzidwa kuti wanamizidwa.

Nkhani yolembedwa nayo ili ndi pofooka pake, ndipo mpamapeto. Itatha kutionetsa kankhani kakang'ono ka m'nyuzipepala konena za imfayo, kamene kuchepa kwake kokha nkokwanira kutikwiyitsa, ikuwonjeza ndakatulo yolira Diouana ndi Africa yense. Ndakatuloyo ikutiuza chimene tiyenera kumva. Kanema akutha mosiyana: bwana wathaŵa, kamnyamata kakuchotsa chigoba pang'onopang'ono nkutiyang'ana ife, osanena kanthu. M'zaka zinayi zokha Sembène anaphunzira kusiya mlandu m'manja mwa woonera, ndipo pachifukwa ichi ndikuti mapeto a kanema apambana a buku.

Ife tilibe kamera, koma zida zitatuzi zimatheka papepala: kusankha poyambira nkhani, kulola chinthu chimodzi chibwerebwere chikusintha manja, ndi kusiyanitsa chimene munthu akunena ndi chimene akuganiza. Amene ali ndi nkhani yoti aŵerenge pamsonkhano wotsatira ayambe wafufuta ndime yake yotsiriza, ija yonena phunziro, aone ngati nkhaniyo igwe. Ikagwa, vuto silili pamapeto. Lili pakati, pamene panasoŵa chigoba.