Aphunzitsi amene ankakhala pakati pa anthu

Ku Msundwe, Mpingu ndi Namitete, agogo ambiri anaphunzira kuwerenga kwa aphunzitsi a mishoni amene nyumba zawo zinali pafupi ndi sukulu ndi tchalitchi. Ndikuona kuti mphamvu ya aphunzitsiwa inali yoti mudzi unkaona moyo wawo wonse. A Dutch Reformed, omwe anayamba ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ankatuma mphunzitsi kukakhala kumudzi. M'mawa mphunzitsiyo ankagwira choko, madzulo khasu, Lamulungu n'kutsogolera mapemphero. Pamaliro sankasowa, ndipo mayi wofuna kulembera kalata mwamuna wake ku Joni ankaodira pakhomo pa mphunzitsiyo. Akalangiza za banja, anthu ankayamba ayang'ana mmene akulerera ana ake.

Ena amati sukuluzi zinali zokokera anthu kumpingo, maphunziro ake osapita patali. Pali choonadi pamenepo, ndipo mikangano ya aphunzitsiwa ndi eni gule wamkulu inagawa mabanja. Koma mwana amene anaphunzira kuwerenga Buku Lopatulika ankawerenganso chiphaso cha msonkho ndi manambala a pasikelo pogulitsa fodya, moti wogula sakanamubera mosavuta.