Bwana wogula mabokosi ndi ndakatulo zathu

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndi yanga, ndiye mundipirire. Ndalemba pafoni ndili pabenchi, uku ndikupereka chenji, choncho pena pakakhota musadabwe.

Nthawi ya kampeni ya chisankho cha pa 16 September 2025 ndidawerenga ndakatulo zambiri muno, zina ndidazimvera kumisonkhano. Zotamanda ofuna uphungu pafupifupi zonse zidali ndi chithunzi chimodzimodzi: bwana wachifundo, wogula bokosi, wopereka lole yonyamula maliro, wochezera pasiwa mpaka tambala kulira. Mawu ake okoma ndithu, sindikukana. Koma tandiuzeni, ndi ndakatulo iti idatchulapo munthu wamoyo amene akumwa ma ARV? Wodwala Edzi amalowa m'zolemba zathu atatsamira kale mkono. Akali moyo alakatuli sitimuona.

Ine ndili ndi achemwali anga, akhala pamankhwalawa zaka zoposa khumi (andilola kuti ndinene, musade nkhawa). Timagulitsa tomato limodzi, timakapikula ku Lizulu. Tsiku lawo lakuchipatala limakhala tsiku lotayika: thiransipoti kupita ndi kubwera, mzere kuyambira mbandakucha, benchi yawo yovindikira ndi chiguduli, tomato akufewa. Atayamba kulandira mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi, kwathu idali nkhani yaikulu kuposa msewu uliwonse umene tidalonjezedwapo. Ndiye mu January 2025, boma la America litaimitsa thandizo lakunja, kuphatikizapo la PEPFAR, achemwali adayamba kukhuthula botolo pamphasa usiku n'kumawerenga mapiritsi, ngati mmene timawerengera mpamba malonda akavuta. Samalankhula. Amangowerenga, kubwezera, kutseka. Inu alakatuli, chithunzi chimenechi mukuti chikuchepa ndi bokosi lanu lovanisha lija?

Wina anena kuti matenda ndi ndale n'zosiyana. Iyayi. Kumbukirani kale lija tinkangonong'ona kuti "kaliwondewonde", "matenda a boma", kapena "ndi zomwezi". A Kenneth Kaunda ku Zambia adaulula mu 1987 kuti mwana wawo adamwalira ndi Edzi. Kwathu kuno a Bakili Muluzi adadzanena za mchimwene wawo mu 2004. Kwa ine adachedwa, poti n'kuti zaka zawo khumi zikutha, komabe pakamwa pa mtsogoleri padatuluka mawu amene ife tinkawaopa. Chaka chomwecho ma ARV aulere adayamba m'zipatala za boma ndi ndalama za Global Fund. Mu 2011 Malawi ndiye adayambitsa ndondomeko yoti mayi woyembekezera aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala moyo wake wonse, maiko ena n'kutengera kwa ife.

Koma imene ndimafuna muidziwe kwambiri ndi ya mu 2017. Bilu ya HIV idafika ku Nyumba ya Malamulo ili ndi ndime zokakamiza magulu ena, monga amayi oyembekezera, kuyezetsa magazi, komanso zopereka chilango kwa wopatsira mnzake kachilombo. Amayi omwe ali ndi kachilombo adakana, nati izi zingothamangitsa anthu kuchipatala, ndipo omangidwa adzakhala akazi poti ndiwo amayamba kuyezedwa kusikelo. Aphungu adamva, ndimezo adazichotsa. Chifundo cha phungu chimaonekera pamenepo, pa dzanja limene wakweza m'nyumba ija. Ndakatulo ya zimenezi sindidaiwerengepo.

Musandimve molakwa. Bokosi sindikulinyoza. Ndidakongolapo katapila kuti tiike malume, ndikudziwa kulemera kwake. Chimene ndikudandaula n'choti tikamangoimbira wogula mabokosi, tikuwaphunzitsa andale kuti voti yathu ili kumanda, ndipo iwo si opusa, amapita kumene kuli voti. Komanso ngati luso, ndakatulo zotere n'zaulesi. Maliro amaliza okha, safuna mlakatuli. Chovuta n'kulemba za mayi amene wabisa botolo m'thumba la ufa kuopa apongozi, kapena mnyamata wa kabaza amene amakatengera mankhwala kuchipatala chakutali kuti anzake pasiteji asamuone.

Voti yanga ya uphungu ndidapereka kwa mayi wina, dzina sinditchula poti ano si malo a kampeni. Sadatipatse chitenje ngakhale chimodzi. Atabwera pamsika, mnzathu wogulitsa usipa adawafunsa mosapsatira kuti azungu akasiyiratu, mankhwala adzachokera kuti. Iwo sadalumphe funso. Adati sanganame kuti ali nazo ndalama, koma akalowa akamenyera kuti boma liziika zake m'bajeti, ndiponso kuti mankhwala azifika kuzipatala zazing'ono. Anthu sadaombe m'manja kwenikweni. Achemwali adangonditsina pamkono. Amene adabwera mawa lake adagawa ndalama, amayi n'kuvina mpaka fumbi kobo, ndipo madzulo ake muno mudalowa ndakatulo ziwiri.

Lachinayi likudzali achemwali akupita kukatenga mankhwala, ine ndiyang'anira mabenchi onse awiri. Amati amene akufuna kulemba awaperekeze, akakhale nawo pamzere, bola asajambule anthu. Minibasi amakwera cha m'ma 5 koloko m'mawa, thiransipoti aliyense yake.